Tsiku Lowerenga Anthu pa Depoti

Dzina langa ndine Wenceslaus Chikafa, koma mu Kafue monse palibe amene amadzivuta ndi dzina lalitali chotero. Amangoti ba Wensi. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi. Ndinagwira ntchito ku fakitale ya nsalu mpaka tsiku limene anatitsekera geti, ndipo zaka zitatu zapitazi ndakhala ndikugona pa Depoti.

Depoti ndi nyumba yaitali ya malata kuseri kwa msika, mmene kale ankasungiramo chimanga. Mpaka lero kukatentha mumanunkha mankhwala a anankafumbwe. Mayi wina wa Chitonga, Edna Mweemba, ndiye anaipempha kwa mwini wake n'kuyalamo matiresi, amuna uku akazi uku, pakati khoma la mapulanga. Tinalimo anthu makumi awiri ndi awiri, tonse osowa kolowera: nkhalamba zotayidwa ndi ana, akhungu, ndi ena amene mutu unawasokonekera pang'ono. Ufa ndi ndiwo zinkachokera ku matchalitchi. Lendi ya nyumba ankalipira ndi a boma, ndipo tonse tinkadziwa kuti boma likangobweza dzanja, mwini nyumba aikamo simenti yogulitsa sabata yomweyo. Munthuyo analibe ndi manyazi omwe, ankabwera ndi tepi kudzayeza makoma ife tili pa nshima.

Ndisanalowe pa Depoti ndinatha madzinja awiri pakhonde la siteshoni ya sitima. Sindikonda kukamba za nthawi imeneyo. Ndingonena kuti mvula ya mu Kafue ikamawomba chammbali, khonde silithandiza kanthu, ndipo munthu wa msinkhu wanga akabwererako sangaone chimanga chikucha.

Kumayambiriro kwa Okutobala, titangotha kudya masana, Edna anatiimitsa tonse tisanabalalike. Anati kwabwera lamulo latsopano. Ndalama zothandizira nyumba zogonamo anthu osowa zachepa, ndiye boma likufuna kusiya zazing'ono kuti lilimbikitse zikuluzikulu za mu Lusaka. Nyumba iliyonse imene ili ndi anthu osakwana makumi awiri ichotsedwa pa mndandanda. Za m'kaundula wa pa Depoti a boma sakuzifuna, poti ena akhala akulemba maina a anthu akufa. Lachinayi kubwera munthu kudzatiwerenga ndi maso ake, n'kutijambula.

"Olo muli na pisiweki ku maliketi, isiyeni," anatero, kunena maganyu athu a kumsika. "Ni siku imozi chabe. Aliyense ankale pano."

Anthu anavomera mokondwa, poti makumi awiri ndi awiri amaposa makumi awiri, ngakhale wosapita kusukulu amadziwa zimenezo. Ine ndekha sindinakondwere nawo.

Apa ndiyenera kuulula chimene ndinabisa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ndilibe reji, chitupa chobiriwira chija chosonyeza kuti munthu ndi wa dziko lino. Ndinali nacho, musandiyese chitsiru. Anandilembera ndi akapitawo a ku fakitale ndili mnyamata, ndipo mudzi umene anaikapo sindiukumbuka n'komwe. Anandibera pamodzi ndi kachikwama m'basi ya ku Lusaka. Nditapita kukapempha china, kalaliki wa pawindo anandifunsa mudzi ndi mfumu. Ine ndinabadwira m'nyumba za anthu a njanji muno mu Kafue, ku Malawi sindinapondeko ngakhale ndi chala. Koma ife munthu akakufunsa kwanu sutchula pamene unagwera pobadwa, umatchula kumene kuli manda a makolo. Ndiye pakamwa pangapa, posandifunsa mwini wake, panatchula mudzi wa amayi anga ku Dedza. Kalaliki anaika cholembera pansi, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nati ndikhale pabenchi aitane bwana wake. Sindinakhale. Ndinatuluka ngati ndikukataya madzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkazungulira njira ya kumsika kuti ndisadutse pa Boma.

Wopanda reji salembedwa ngakhale ulonda. Ndi mmene ndinatsikira pang'onopang'ono, kuchoka m'nyumba ya antchito a fakitale ku Esiteti, kupita m'kachipinda ka lendi, mpaka pakhonde paja. Mantha anga anali ndi nkhope. Kunali mnzathu wina wa m'kwaya, Bright, nayenso mwana wa anthu ochokera ku Malawi, amene anangosowa mwezi wina. Ena ankati anapita yekha kwa mwana wake ku Chipata. Ena ankati anamukweza lole ya mawaya n'kukamutsitsa pa malire, wopanda nsapato, m'dziko limene sadziwamo munthu. Ine ndinasankha kukhulupirira za lole, ndipo ndinkaiona m'maso mwanga nthawi iliyonse galimoto yoyera ikachepetsa liwiro pafupi nane.

Edna atandilandira anandifunsa za reji, ndinamuuza kuti akusunga ndi mdzukulu wanga ku Chilanga. Anangogwedeza mutu n'kundipatsa bulangeti.

Lachiwiri ndinali kusesa m'kachipinda kake, poti ntchito imeneyo inali yanga. Patebulo panali pepala la boma. Chizungu sindichidziwa kwenikweni, koma timabokosi tija ndimatidziwa: tisanu ndi kamodzi, kamzere kopendekeka, tiwiri, kamzere kena, kamodzi. Ndi mmene nambala ya reji imakhalira. Ndili chiimire ndi tsache m'manja, ndinamva Edna panja akulankhula pa foni. Ankauza wina kuti Lachinayi anthu akangomwa tiyi akhoma geti ndi loko, kuti asatuluke ndi mmodzi yemwe. Madzulo ake ndinaona nkhuku zinayi zomangidwa miyendo kuseri kwa khitchini.

Nkhuku pa Depoti timaidya pa Khirisimasi, ndipo imakhala imodzi, yosambira m'madzi. Zinayi, pakati pa sabata, popanda maliro, popanda bishopu. Ndinakhala pa ndowa yovundikira n'kuziyang'ana. Pepala la manambala, geti lokhoma, ndi nyama yoti tikhale pansi mwaulemu. Ndinaona zonse zikulumikizana bwinobwino, ndipo ndinadziyamikira kuti ndine munthu wochenjera.

Mungafunse kuti bwanji sindinangomufunsa Edna. Kumufunsa kunali kuvomera kuti mdzukulu wa ku Chilanga kulibe, ndipo bodza la zaka zitatu silituluka m'kamwa mosavuta. Komanso ndinkaganiza kuti ngati iyenso ali m'chiwembu, ndikhala ndadzipereka ndekha.

Ife ana a anthu ochokera ku Malawi timadziwana. Pa Depoti tinalipo asanu ndi awiri, ndipo tinkazindikirana pa maliro, poti nyimbo zimene makolo athu ankaimba m'nyumba za njanji tinkazidziwa mpaka ndime yomaliza. Nditawatsina khutu mmodzimmodzi, ndinapeza kuti tonse zitupa zathu akusunga ndi adzukulu, wina ku Mazabuka, wina ku Matero. Adzukulu osunga zitupa anachuluka chaka chimenecho. Palibe amene anaseka. Fatsani, mkulu wamtali amene kale ankakonza njinga, anayamba kufunsa kothawira ndisanamalize n'komwe.

Amene anandivuta ndi Magdalena. Ndi mayi wamasiye, mwamuna wake anali wa njanji, ndipo iye amagulitsa mtedza wokazinga pamene pamaima mabasi a ku Lusaka. Miyendo yake ndi yotupa, amayenda chokoka. Ndinamupeza akusenda mtedza pamthunzi, ndipo anandimvera mpaka pamapeto manja ake osaleka ntchito.

"Ba Edna sibangatigulise," anatero.

Ndinamuyankha kuti mwina Edna nayenso akunamizidwa, ndipo galimoto ikalowa, geti n'kukhomedwa, mtima wabwino wa Edna sutsegula loko. Ndinamukumbutsa za Bright. Ndinamufotokozera lole ija ngati kuti ndinaikwerapo, mawaya ake, fumbi la njira ya kum'mawa, ndi msilikali wokutsitsa pa malire. Ndili ndi pakamwa ine, ku fakitale ndinali wolankhulira anzanga. Ndinaona manja ake akuchepetsa, kenako anaima.

"Bamuna banga na bana banga babili bali pa manda ya kuno," anatero motsitsa mawu. "Nikafela kuja, azanishika ndani?"

Ankaopa kufera kopanda womuika m'manda, ndipo ndinadziwa kuti ndamugwira. Lero ndikakumbukira mmene ndinakondwera pamenepo ndimachita manyazi.

Lachinayi m'mawa, dzuwa lisanatuluke bwino, tonse asanu ndi awiri tinavala ngati a ku Misa. Edna anali pageti ndi loko m'manja. Ndinamuuza kuti tikukapempherera tsikuli kuti liyende bwino. Anatiyang'ana, namwetulira, nati tachita bwino, koma ikamakwana eyiti tikhale tabwera. Anapatsanso Magdalena ambulera yake chifukwa cha dzuwa. Tinadutsa pakhomo pa tchalitchi osalowa, n'kutsetserekera kumtsinje.

Padooko ndinali nditapangana kale ndi Fanwell, msodzi amene ndinkamuthandiza kusoka maukonde. Ndinamulonjeza wailesi yanga. Anatiwolotsa maulendo awiri pa bwato lake, kupita pa kachisumbu ka bango kamene kali chapakati pa mtsinje, moyang'anana ndi dooko. Magdalena tinachita kumunyamula anthu atatu, ndipo bwato litapendekeka analira ngati mwana. Fanwell anati iye akupita kumunsi kukavuula maukonde, adzatitenga dzuwa likapendeka. Anatichenjeza kuti tisayandikire mbali ya kumadzulo chifukwa kumagona ng'ona, kenako anapalasa n'kupita.

Kachisumbuko sikanali nthaka yeniyeni. Anali matope ndi mizu, ukaponda madzi akuda amatuluka n'kukuzinga m'kakolo. Tinathyola bango n'kuyala kuti tikhalepo. Bango linali lotifika m'mapewa, titakhala pansi mphepo sinkalowamo, ndipo dzuwa la Okutobala litakwera munali ngati m'ng'anjo ya njerwa. Madzi akumwa tinatenga botolo limodzi, nzeru za anthu othawa. Misundu inayamba kutikwera m'miyendo. Ya Magdalena inaikonda kwambiri, ndipo ndinkaichotsa ndi kamtengo iye atatseka maso.

Chakumadzulo kuja chinachake cholemera chinakhuvukira m'madzi. Tonse tinauma. Patapita nthawi mvuu inalira kumtunda, kulira kwake kwa pansi pamimba kuja, ina n'kuyankha pafupi kwambiri moti bango linagwedera. Fatsani anatulutsa kolona n'kuyamba kupemphera, koma ankangobwereza mawu atatu oyamba. Mayi wina anati bola tibwerere, ndipo ndinamufunsa mwaukali kuti abwerera pa chiyani, pa msana wa ng'ona? Ndinkakalipa chifukwa nanenso ndinali ndi mantha. Ndinkaopa madzi, ndinkaopa kumtunda, ndipo sindinkadziwa chimene ndikuopa kwambiri.

Sitima ya katundu inadutsa pa mlatho, ndipo ndinadziwa kuti yakwana teni. Ndinaganiza za nkhuku zija zili pamoto, ndi anzathu atakhala pamzere atasamba.

Dzuwa lili pamutu, Fatsani anandigwira mkono n'kuloza. Ndinapatula bango pang'ono. Galimoto yoyera, ya nambala za boma, inali kutsika njira ya kudooko pang'onopang'ono, ikuzemba mabeseni a amayi ogulitsa nsomba. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndakhala ndikuiyembekeza galimoto imeneyi, ndipo inabweradi monga ndinkaionera. Inaima pamphepete penipeni pa madzi. Munatuluka Edna, kenako mayi wina wovala suti ya chitenje, atanyamula chifoni chachikulu chaphwatalala. Ndinamva pambuyo pake kuti anawalozera ndi mkazi wa Fanwell, amene pakamwa pake sipatsekeka, ndipo anawauzanso chimene tinkathawa.

Edna anaika manja kukamwa n'kuyamba kuitana. Mawu amayenda bwino pamadzi, tinkamva ngati ali pambali pathu. Anatchula maina athu onse asanu ndi awiri, limodzilimodzi, osaphonya.

"Ba Wensi, napapata. Sibafuna ma reji. Bafuna chabe kuona nkope zanu."

Ankachonderera choncho, koma ine ndinauza anzanga monong'ona kuti agone pansi. Nanga akanati chiyani, kuti tulukani tikumangeni? Mabwato onse anali kumaukonde, padooko panatsala limodzi lobooka, ndiye ndinadziwa kuti sangatifike ngati tikhala chete.

Mayi wa suti uja anavula nsapato, nayenda m'matope mpaka madzi anamufika m'kakolo. Anakweza chifoni chija n'kuchilozetsa kwa ife, akuchiyendetsa pang'onopang'ono kuchokera kumapeto kwa chisumbu kupita kumapeto ena. Ndinali nditamvapo kuti masiku ano kuli makina oona munthu ngakhale ali kuseri kwa khoma. Ndinakanikiza nkhope yanga m'matope.

"Imililani chabe," Edna anaitananso, ndipo mawu ake anali atayamba kusasa. "Simufunika kubwela kuno. Imililani bakuoneni, bazakupendani kwamene muli."

Magdalena atamva kuti atiwerenga tili komweko, anayamba kudzuka. Ndinamva bango likuthyoka pambali panga, ndipo nditacheuka anali atagwada kale, dzanja limodzi litagwira ambulera ngati ndodo, kukamwa atatsegula kuti ayankhe. Sindinaganize. Ndinamugwetsa chagada, n'kumutseka pakamwa ndi dzanja langa lamatope. Mayi wachikulire, wamasiye wa mnzanga, ndinamupanikiza pansi ngati mbuzi yokaphedwa. Anayesa kundikankha, koma mphamvu analibe. Misozi yake inkayenderera pa zala zanga, maso ake ali pa ine, ndipo ine ndinkangonong'ona kuti ndikumupulumutsa. Enawo anaona, palibe amene anandiletsa.

Edna anaitana pafupifupi ola lathunthu. Chakumapeto sankatchulanso maina, ankangoti napapata, napapata. Kenako mayi wa suti anayang'ana pa mkono pake, natuluka m'madzi, natsuka mapazi ndi madzi a m'botolo. Anamugwira Edna paphewa n'kumulowetsa m'galimoto. Itakwera mtunda n'kusowa, ndinachotsa dzanja langa. Magdalena analavula matope, natembenukira kumbali. Sanandilankhulenso tsiku limenelo.

Ndinauza anzanga kuti tapulumuka, ndipo Fatsani anandigwira chanza.

Fanwell anabwera dzuwa litafiira. Tinakwera mtunda tili matope okhaokha, miyendo ikutuluka magazi a misundu, ana a m'njira akutiseka. Ndinali nditakonza kuti tikasuzumire kaye kuseri kwa msika ngati pali apolisi. Panalibe wapolisi. Geti linali lotsegula, loko akulendewera. Anzathu khumi ndi asanu anali atakhala panja, onse m'zovala zawo za Lamulungu, ndipo titalowa palibe amene anatipatsa moni. Patebulo la pakhonde panali mbale zisanu ndi ziwiri zovundikira.

Woyamba kulankhula anali Ferdinand, mkulu wakhungu amene kale anali msodzi, wa konkuno, amene reji yake amaisunga m'kathumba ka pulasitiki pachifuwa. Anafunsa wa pambali pake ngati amene alowawo ndi a ku Misa aja. Atauzidwa kuti ndi omwewo, anati Misa ya lero inali yaitali, kenako anatembenuzira nkhope yake kukhoma.

Edna anatuluka m'kachipinda kake maso ali otupa. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anatiuza ndi mawu otheratheratu kuti mayi uja, dzina lake Gwendolyn, anafika naini koloko n'kuwerenga anthu khumi ndi asanu. Anadikira mpaka masana. Za timabokosi ta manambala anati si ntchito yake, amene alibe reji amangolemba mzere n'kupitirira. Geti ankafuna kukhoma chifukwa amatidziwa, tikamva basi ikuimba hutala timathamangira kukanyamula katundu. Nkhuku anagula ndi ndalama za m'thumba mwake kuti tsikulo tisaone chifukwa chopitira kumsika. Kumtsinje kuja mayiyo anachita zimene lamulo silimulola, anati akangoona mitu isanu yokha pamwamba pa bango, aijambula n'kuiwerenga.

Mitu isanu yokha, ndipo ife tinalipo asanu ndi awiri, tili chigonere m'matope. Ndinakhala pansi pomwepo.

Edna anati lendi ya boma ithera kumapeto kwa Novembala. Kenako anatiyang'ana ife a matope n'kufunsa kuti ndani anayambitsa nkhani ya lole. Anzanga anayang'ana pansi. Magdalena yekha anandiyang'ana ine, milomo yake itatupa pamene ndinakanikiza. Ndinavomera kuti ndine. Ndinaululanso za mdzukulu wa ku Chilanga, za kalaliki, za Dedza, zonse, pamaso pa anthu onse.

"Nenze kuziba kuti mulibe reji," anatero Edna. "Kuchokela siku yoyamba. Muganiza ndimwe boyamba kubwela na muzukulu wa ku Chilanga?"

Anati mawa m'mawa tipita ku Boma, iye ndi ine. Ndikamuuze mayi Gwendolyn ndi pakamwa panga kuti anthu analipo, ndipo ndinawabisa ndine. Mwina angamve. Njira ina panalibe.

Nkhuku ija sindinaidye. M'mawa ndinapinda bulangeti langa, malaya awiri, kapu ndi buku la nyimbo, n'kuika m'chikwama cha saka. Ngakhale Edna ananena zonse zija, mtima wanga sunamve. Kubisala ndi mlandu wina, kubisa anthu kwa boma ndi mlandu winanso, ndipo ndinali kupita ndekha kukavomera zonse ziwiri m'nyumba yomwe ndinaithawa. Ndinatsanzika Fatsani, ndinamuuza kuti wailesi akapereke kwa Fanwell. Kwa Magdalena ndinaima patali n'kupepesa. Anapitiriza kusenda mtedza wake.

Kuchoka pa Depoti kufika pa Boma ndi pafupi, koma ndinaona ngati tayenda mpaka ku Lusaka. Makondakitala ankaitanira anthu, amayi ankayala tomato, tauni yonse inali pa ntchito zake ngati palibe chimene chikuchitika. Ndinkayang'ana chilichonse ngati ndikuchiona komaliza, ngakhale ngalande yonunkha ya pamsika ndinaimvera chisoni. Pageti la Boma ndinaima. Edna sanandikoke. Anangoima n'kundidikira mpaka ndinaponda ndekha.

Benchi ija inalipobe, anangoipaka utoto wina. Tinakhalapo maola awiri. Wapolisi wina anadutsa atanyamula mafaelo, ndipo ndinagwira chikwama changa mwamphamvu mpaka zala zinachita dzanzi. Anatipatsa moni n'kupitirira.

Mayi Gwendolyn anatilandira m'kachipinda kodzaza mapepala. Pafupi anali wamng'ono kuposa mmene ndinamuonera kumtsinje, msinkhu woti akanakhala mwana wanga. Ndinakana mpando. Ndinaima chipewa chili m'manja n'kufotokoza zonse. Ndinati anthu pa Depoti alipo makumi awiri ndi awiri, abwere lero lomwe adzawerenge, ndipo ngati pali woti alangidwe ndi ine. Anandimvera osandidula. Nditamaliza anapukuta kumaso ndi manja onse awiri.

Kenako anatiuza kuti chiwerengero anatumiza dzulo folo koloko, poti ndiyo inali nthawi yomaliza dziko lonse. Chikapita ku Lusaka chimatsekeka, iye sangachitsegule, ngakhale bwana wake sangathe. Anati alemba kalata yofotokoza, koma tisaike mtima pamenepo, chifukwa makalata otere alipo ambiri ndipo ndalama zagawidwa kale. Kuwerenga kwina ndi chaka chamawa mwezi ngati uno. Edna anafunsa za dzinja likubwerali. Mayiyo anati ku nyumba za mu Lusaka mwina angapezeko malo a anthu atatu kapena anayi, akhungu poyamba.

Edna anathokoza, naimirira. Ine ndinatsala chiimire. Ndinanyamula chikwama changa n'kuchiika patsogolo panga, ndipo ndinadikira. Mayiyo anayang'ana chikwamacho, nayang'ana ine.

"Nanga ivi, tate?"

"Nakonzeka," ndinatero. "Munganitenge."

"Tikutengeni kuti?"

Ndinatchula malire. Ndinatchula lole. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo m'maso mwake munalibe ukali, munali chisoni chimene chinandipweteka kuposa mbama. Anati nkhani za reji ndi za khomo lomaliza pakhonde lomwelo. Ndikapite ndi anthu awiri ondidziwa kuyambira kale, akandifunsa mafunso ambiri ndipo zitenga nthawi, koma nkhalamba zobadwira m'nyumba za njanji amaziona kawirikawiri, ndipo iye chiyambire ntchito sanaonepo ndi mmodzi yemwe akukwezedwa lole. Kalaliki wa chaka chijacho mwina ankangofuna kufunsa bwana wake kuti alembe bwanji.

"Kulibe amene akufunani, tate," anatero mofatsa. "Yendani kunyumba mukapumule."

Ndinanyamula chikwama changa. Ndinadutsa wapolisi uja pakhonde, ndinadutsa mlonda wa pageti, ndipo palibe amene anacheuka. Kunja kunali kutachita mitambo yoyamba ya chaka, yakuda chakumtsinje, ndipo amayi a pamsika ankaiyang'ana mokondwa. Edna ankayenda patsogolo, ine pambuyo ndi katundu wanga wa paulendo.

Titakhota kuseri kwa msika ndinawaona. Onse makumi awiri ndi mmodzi anali pageti, ena ataima, ena atakhala pa njerwa, Magdalena pa mpando wake, Ferdinand atagwira mkono wa Fatsani. Tsiku limenelo panalibe amene anapita ku pisiweki. Ankayang'ana nkhope zathu kuti adziwiretu tisanafike. Edna anafika pageti, naima pambali, nandisiyira njira kuti ndilowe poyamba ine, ndikawauze ndekha.